Matikiti awiri, ndege imodzi: ndalama zanga zinabwera, za amayi zinabwera zitaonda

Sutikesi ya amayi inkalemera makilogalamu 22 ndi theka. Ndikukumbukira chifukwa tinaiyeza katatu pa sikelo ya chimanga kunyumba ku Area 25, uku tikuchotsa nsinjiro, uku tikubwezeramo, mpaka achimwene anati basi, zakwana. Munali zitenje ziwiri zoberekera mdzukulu wawo amene anali asanamuonepo ndi maso, ufa woyera wokulungidwa m'majumbo atatu, ndi juzi yobwereka kwa mnzawo wa ku Mvano, poti anamva kuti ku England kuzizira kwake kumalowa mpaka m'mafupa.

Munali mu Okutobala 2023. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku England, ndipo ndinabwera kudzakhala nawo pa mwambo wa chiliza cha bambo. Pobwerera tinakonza zoti ndinyamuke ndi amayi akakhale nafe miyezi itatu. Viza yawo inali itatuluka. Matikiti anali awiri, ndege imodzi, koma kagulidwe kake kanali kosiyana, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Yanga ndinagula ndekha ndili ku England, pa intaneti, mwachindunji ku kampani ya ndegeyo, ndi khadi yanga ya ngongole: £1,040 kupita ndi kubwera. Ya amayi ndinatumiza ndalama kwa achimwene, iwo n'kukapereka K1,650,000 ya pamanja kwa ejenti wina mu Old Town amene mnzawo wa kuntchito anati ndi munthu wabwinobwino, ndipo matikiti ake ndi otsikirako. Risiti yake kanali kapepala kong'ambidwa m'buku, kolembedwa pamanja kuti ndalama yalandiridwa, chidindo chake chofufutika.

Tinafika ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi nthawi ikadalipo, pa galimoto ya hayala, operekeza asanu. Mtsikana wa pa kaunta anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali osakweza mutu.

"Mayi, ndege yalero kulibe. Uthenga simunalandire?"

Uthenga unabweradi, koma unalowa pa foni tili kale pamzere. Anati malo ena apezeka pakatha masiku asanu ndi limodzi, apo ayi ndilembetse kuti andibwezere ndalama ya ulendo wotsalawo. Amene muli kunja kuno mukudziwa tanthauzo la masiku asanu ndi limodzi kwa munthu amene viza yake yamangiriridwa ku ntchito. Tchuthi changa chinali chatha, Lolemba usiku ndinali pa shifiti. Amayi anangokhala pansi pambali pa sutikesi yawo, atagwira pasipoti ndi manja awiri, n'kundifunsa motsitsa kuti, "Mwanawe, kapena talakwitsa ndife tsiku?"

M'mawa mwake ndinazungulira maofesi ogulitsa matikiti ku City Centre dzuwa la Okutobala likuwotcha pamutu. Awiri oyamba atangomva kuti ndikuthamangira ntchito ku England mitengo yawo inakwera ndikuona. Ofesi yachitatu ndinapeza mayi wachikulire, magalasi ali pamphuno. Dzina lawo sinditchula, koma Mulungu akuwadziwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, kenako anandifunsa kuti tikiti yoyambayo ndinalipira ndi chiyani. Nditanena kuti khadi ya ngongole, anatembenuza kompyuta yawo kuti iyang'ane kwa ine.

"Achemwali, inayi musagule kwa ine. Khalani apa mugule nokha ku kampani inayo ndi khadi yanu yomweyo. Mukandipatsa ine ndalama, nayonso ikakanika kuuluka mudzalimbana ndi ine, ndipo ine ndilibe mphamvu ngati ya banki yanu."

Anataya phindu lawo tsiku limenelo. Anandiuzanso zinthu ziwiri zimene zinadzandipulumutsa: ndisachoke mu Lilongwe ndisanatenge umboni wolembedwa woti ndegeyo anailetsa ndi eni ake, osati ine ndinachedwa, komanso akandipatsa vaucha, pepala loti ndidzayendere ulendo wina m'malo mwa kundibwezera ndalama, ndisavomere ngakhale atainyengerera bwanji. Ndinabwerera ku ofesi ya kampani ija n'kukhala pa benchi maola awiri mpaka ananditumizira imelo yonena kuti ulendo wanga unaletsedwa ndipo andibwezera £470 pasanathe masiku 21 ogwira ntchito. Dziwani kuti £470 si theka la £1,040. Nditafunsa anati ulendo wopita ndi umene unali wodula. Ndinangoti chabwino, bola ibwere.

Tikiti yatsopanoyo, yopita kokha, inali madola 980, pafupifupi £800. Sitetimenti itabwera ndinapezamo kanthu kena, £24, chindapusa chogulira chinthu m'ndalama yakunja. Makhadi ambiri a ku UK amadula pafupifupi 3 peresenti ukagula m'madola kapena m'makwacha, ndipo pogula palibe amene amakukumbutsa. Ndalama ya tikiti yachiwiri ya amayi ndinalibe. Iwo okha, osadziwa Chingerezi, kukasintha ndege m'dziko lachilendo usiku, anakana, ndipo sindinawakakamize. Tinagwirizana kuti achimwene akatenge ndalama kwa ejenti uja, tidzagule ina mu Disembala.

Masiku 21 anakwana, kuli zii. Ndinaimba foni. Ndinakhala mphindi makumi anayi ndikumvera kanyimbo, ndalama ya foni ikudyeka, kenako mawu aulemu kwambiri anandiuza kuti nkhani yanga ili m'manja mwa oona za ndalama, ndidikire masiku ena 14. Atatha amenewo anati nambala ya dandaulo langa sikuoneka, ndilembenso fomu. Ndinalemba. Mu Disembala ananditumizira vaucha ya £520, akuti awonjezerapo £50 pothokoza kuleza mtima kwanga, ndingodina kabatani kovomereza. Vauchayo inali ya dzina langa lokha, ya kampani yomweyo, yotha mphamvu pakatha chaka. Kunena zoona chala chinapita pafupi ndi kabataniko, chifukwa ndinali nditatopa. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pepala lolonjeza ulendo sungalipire nalo lendi, ndipo ukangolivomera banki ikhoza kukuuza kuti inu ndi kampaniyo munamvana kale, palibenso mlandu.

Nthawi yonseyi ngongole ya £800 ija inali pa khadi ikubereka ana. Mwezi uliwonse chiwongola dzanja cha pafupifupi £17. Iwo akusunga ndalama yanga kwaulere, ine ndikulipira chifukwa cha kuchedwa kwawo. Chimenechi chinkandiwawa kuposa china chilichonse.

Ndinkaganiza kuti lamulo la ku UK lindimenyera nkhondo, poti tikiti ndinagulira komweko. Lamulolo lilipodi: ndege ikaletsedwa akuyenera kukubwezera ndalama pasanathe masiku 7, ndipo pa maulendo ataliatali opitirira makilomita 3,500 pamakhalanso chipepeso chofika £520 ngati anakuuza mochedwa ndipo vuto ndi lawo. Koma limagwira ndege zonyamuka ku UK, kapena zopita ku UK ngati kampani yake ndi ya ku UK kapena ya mayiko a EU. Ulendo wobwerera amauwerenga pawokha. Akanandiletsa ku London ndikubwera kumudzi, bwenzi nditatetezedwa. Poti anandiletsa ku Lumbadzi, pa ndege ya kampani yosakhala ya kumeneko, lamulolo silinandidziwe. Ambiri timayenda ndi chikhulupiriro chabodza chimenechi, tikuganiza kuti tikiti yogulidwa kunja ili ndi chitetezo njira yonse.

Amene ananditsegula maso ndi mnzanga wa ku Zimbabwe, pa shifiti ya usiku chakumapeto kwa Januwale, tikumwa tiyi cha m'ma 3 koloko okalamba athu atagona. Ndikumudandaulira, anaika kapu pansi n'kundifunsa kuti papita masiku angati chiletsereni ndegeyo. Tinawerenga pa kalendala ya pa foni. Anali 101.

"Mawa ukangoweruka usagone, uimbire banki," anatero. "Watsala ndi masiku osakwana 20."

Chimene ankanenacho amachitcha chargeback. Makhadi a Visa ndi Mastercard ali ndi malamulo awoawo oti ukalipira chinthu koma osachilandira, kapena wogulitsa akalonjeza kubweza ndalama koma osabweza, banki yako ikhoza kukaitenga ndalamayo ku banki ya wogulitsayo. Si chifundo cha kampani ya ndege, ndalamayo imakokedwa iwo afune asafune, kenako ngati ali ndi umboni wotsutsa ndiye abweretse. Koma njirayi ili ndi malire a nthawi, kawirikawiri masiku 120 kuchokera tsiku limene unayenera kulandira chimene unagula. Apa ndipomwe ndinamvetsa ntchito ya mawu aja akuti dikirani masiku ena 14. Kwathu tinaleredwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, osamapanikiza anthu, osamaoneka wadyera. Pa nkhani iyi kudekha kumeneko ndi kumene kumakuphetsa. Tsiku lililonse limene ukudikira mwaulemu, khomo la banki likutsekeka pang'onopang'ono.

Ndinaweruka 8 koloko m'mawa, ndinaimba ndili m'basi. Sanandifunse zambiri. Ananditumizira fomu yoti ndilembe zimene zinachitika ndi kuikapo umboni. Ndinaika tikiti yoonetsa nambala yake, uthenga wa pa foni woletsa ndege umene ndinaujambula tsiku lomwe lija pamzere, imelo yolonjeza £470 m'masiku 21, maimelo anga anayi okumbutsa, ndi mndandanda wa masiku amene ndinaimba foni. Ndinalembanso momveka kuti vaucha anandipatsa koma ndinaikana. Imelo imene ndinaikhalira pa benchi maola awiri ija ndi imene inagwira ntchito yaikulu, chifukwa munali lonjezo lawo, chiwerengero chawo, ndi tsiku lawo. Mawu a pa foni alibe mboni. Mtsikana wa pa kaunta ngakhale akulumbirire kuti mayi musadandaule, banki singalandire zimenezo.

Patatha masiku asanu ndi anayi £470 inaoneka pa khadi. Banki inandichenjeza kuti ndisaidye msanga, kampaniyo ili ndi masabata angapo oti itsutse, ndipo ikapambana ndalamayo idzachotsedwanso. Sanatsutse. Kampani imene inakhala miyezi yoposa itatu ikuti fayilo yanga sikuoneka, inangoti chete.

Pali njira yachiwiri imene ndiyenera kuifotokoza kwa inu muli ku UK, chifukwa ndi yamphamvu kuposa chargeback. Ndi Section 75 ya lamulo la Consumer Credit Act la 1974. Ukagula chinthu cha mtengo wopitirira £100 mpaka £30,000 ndi khadi ya ngongole, wogulitsa akaphwanya pangano, banki yomwe inakupatsa khadiyo ili ndi mlandu wofanana ndi wogulitsayo. Ili ndi lamulo la dziko, osati la eni makhadi, ndipo ku England nthawi yake yodandaulira imafika zaka 6. Limagwira khadi ya ngongole yokha. Khadi wamba yotengera malipiro ako ili ndi chargeback basi. Ndipo ukagula kudzera kwa munthu wapakati, ejenti kapena masamba a pa intaneti ofananitsa mitengo amene amalandira okha ndalama, banki ikhoza kukana ponena kuti amene unamulipira si amene anakulakwira. Mayi a magalasi aja ankadziwa chimene ankanena.

Ine ndinayesa njira imeneyi kuti andibwezerenso £330 imene ndinawonjezera pogula tikiti ina. Banki inakana, akuti kampaniyo inandipatsa mwayi wa ndege ya masiku asanu ndi limodzi kutsogolo, ndinasankha ndekha kusaudikira. Ndinali ndi ufulu wopita ku Financial Ombudsman Service, kumene amamva madandaulo okhudza mabanki kwaulere. Banki imapatsidwa masabata 8 kuti ikuyankhe komaliza, ndipo iwe uli ndi miyezi 6 kuchokera pa kalata yomalizayo kuti ukadandaule. Ndinaisiya miyeziyo kudutsa chifukwa cha kutopa ndi mashifiti, ndipo mpaka lero ndimadandaula. Inu musadzatero.

Tsono za amayi.

Achimwene anapita kwa ejenti uja sabata yomweyo. Anawalandira bwino, mpando, madzi ozizira. "Bigi, musadandaule, kampani ikangotipatsa tikuimbirani." Novembala anapita kawiri, yankho lomwelo. Disembala foni inayamba kusayankhidwa, pa WhatsApp mauthenga akuwerengedwa koma osabwezedwa. Achimwene ndi munthu wofatsa, wa kutchalitchi, amachita manyazi kukumbutsa munthu ngongole. Ankakwera minibasi kuchokera ku 25 kukafika m'tauni, n'kukapeza mnyamata wa pa khomo akuti abwana apita ku Blantyre.

Ndalama yanga itabwera ndinakumbukira mayi aja a ku City Centre. Ndinawauza achimwene kuti atenge pepala la tikiti ya amayi apite nalo kumeneko. Tikiti iliyonse ya ndege ili ndi nambala ya manambala 13, yosiyana ndi kanambala ka zilembo zisanu ndi chimodzi kosungitsira malo. Mayiwo anatenga nambalayo, anaimbira mnzawo wa ku kampani ya ndege achimwene ali pomwepo, n'kuvula magalasi.

"Bambo, tikiti iyi inabwezedwa kale ndalama kumapeto kwa Okutobala. Ndalama ya tikiti imabwerera kumene inachokera. Inu munalipira ejenti, ndiye inabwerera kwa ejenti."

Miyezi itatu yonse munthu uja ankaloza chala kampani ya ndege, ndalama ya amayi ili m'thumba mwake ikuzungulira mu bizinesi yake. Ndipo mukudziwa chimene chinachitika pakati pa miyezi imeneyo. Mu Novembala 2023 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Matikiti a ndege mitengo yake imatsatira dola. K1,650,000 ya amayi inali pafupifupi madola 1,400 tsiku limene inaperekedwa. Akanabweza sabata yomwe anailandira, achimwene akanagula tikiti ina pa mtengo wakale.

Ndinalemba kalata ndili kuno, achimwene n'kukaisindikiza. Munali nambala ya tikiti, tsiku limene ndalama inabwezedwa, ndi mawu oti pakatha masiku 7 tikukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loona madandaulo a ogula, lomwe lili mu Lilongwe momwemo. Abwana amene ankangokhalira ku Blantyre anapezeka tsiku lomwelo. Anabweza mu Febuluwale, mwapang'onopang'ono katatu, zonse pamodzi K1,400,000. K250,000 anadula, akuti ya ntchito ya ofesi. Ntchito yanji? Ndege analetsa ndi eni ake, amayi sanasinthe maganizo. Pa kapepala ka risiti kaja panalibe pamene panalembedwa za kudula, koma panalibenso pamene panalembedwa zoti sadzadula. Pa mtengo watsopano K1,400,000 inali madola 820 okha. Kuchoka pa 1,400 kufika pa 820, munthu osakwera ndege, osaponda ngakhale pa khomo lake. Ndipo panalibe banki yoti tiimbire, chifukwa ndalama ya pamanja ikachoka m'manja mwako ilibenso mwini wina woilondola.

Apa ndilankhule nanu inu a kumudzi, ndipo mundikhululukire ngati ndikuwawitsa. Mukamva £470 mumathamangira kuchulukitsa ndi kwacha n'kumati aaa, kwa iwo ndi kachenji. Nthawi imeneyo malipiro otsikitsitsa ku UK anali £10.42 pa ola. £470 ndi maola 45, msonkho usanachotsedwe. Ndi mausiku pafupifupi anayi a maola 12, kutembenuza anthu akuluakulu pabedi, kuwasambitsa, kuwasintha matewera, msana ukuwawa, mwana wako ali ndi munthu wina amene ukumulipiranso. Ndalama ya amayi imene inasungunuka ija ndi mausiku enanso. Tikatumiza ndalama ya tikiti n'kunena kuti mukagule ku ofesi yodziwika, mutenge risiti yosindikizidwa yokhala ndi nambala ya tikiti, sikuti tikukukayikirani. Koma inu mumati pali mnyamata wina amapanga zotchipa, n'kusunga K60,000 ya kusiyana kwake, osadziwa kuti mwaika miliyoni ndi theka pa kapepala ka m'buku. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo inu achinyamata amene mukulota zobwera kuno, amene mukugulitsa puloti ya makolo ku Area 49 kapena ku Chinsapo kuti mupatse munthu wa pa Facebook amene akuti akupezerani ntchito, viza ndi tikiti zonse pamodzi, imvani. Ngati ife tinavutika chonchi ndi tikiti yeniyeni, ya ndege yeniyeni, kwa munthu wokhala ndi ofesi ndi chikwangwani pakhomo, inu mudzamugwira kuti munthu amene mumangomudziwa ndi nambala ya foni? Akakupatsani pepala la tikiti, tengani kanambala kosungitsira malo kaja mukalowetse nokha pa tsamba la kampani ya ndegeyo pamodzi ndi dzina la bambo anu. Onani ngati dzina lanu likutuluka, ndipo onetsetsani kuti nambala ya manambala 13 ija ilipo. Kusungitsa malo ndi kugula tikiti n'zosiyana. Munthu akhoza kukusungirani malo osalipira kalikonse, n'kukusindikizirani pepala lokongola, malowo n'kufufutika okha pakatha masiku ochepa inu mutapereka kale ndalama.

Ngati muli ndi m'bale kunja amene ali ndi khadi ya ngongole, musiyeni agule yekha mwachindunji ku kampani, ngakhale zitadulirako pang'ono. Ndikanagula tikiti ya amayi ndi khadi yanga, ndalama yake ikanabwerera pa khadi yomweyo, ndipo ikanachedwa ndikanaiika pa fomu imodzi ndi yanga. Ndinkaopa kuti ngongole ichuluka pa khadi, n'chifukwa chake ndinatumiza ndalama kumudzi. Kuopa chiwongola dzanja cha mwezi umodzi kunanditayitsa madola pafupifupi 600. Amene muli ku Malawi ndipo muli ndi khadi ya Visa kapena Mastercard ya banki ya kwathu, Section 75 sikukukhudzani poti ndi lamulo la ku UK, koma chargeback ndi ya eni makhadiwo, ndipo banki yanu ili ndi njira yolembera dandaulo lotere. Pitani mukafunse fomu yake, mulembe, mutenge kope yodindidwa tsiku. Musadikire kuti kampani ikuuzeni kachitatu kuti nkhani yanu ikuyenda. Tsiku limene analonjeza likadutsa, lembani imelo imodzi yowapatsa sabata, sabatayo ikatha pitani ku banki.

Viza ya amayi inali ya miyezi isanu ndi umodzi. Inatha mphamvu asanaigwiritse ntchito, ndiye kuti fomu, ndalama ya viza ndi ulendo wokadinda zala zonse tiyambiranso. Ufa uja anaphika nsima pa Khirisimasi, juzi anabweza kwa mwini wake. Zitenje ziwiri zija anakana kuzitulutsa, zikadali mu sutikesi pamwamba pa wadirobu. Mdzukulu wawo wayamba kuyenda, saberekekanso kumbuyo kwa nthawi yaitali. Tikamaimbirana pa vidiyo Lamlungu madzulo amayi amamuitana dzina, iye n'kumayang'ana kuseri kwa foni kufuna kuona kumene agogo ake abisala.